Malilime si chiphaso cha Mzimu Woyera

Achemwali, mawu amene akuuzaniwo, akuti poti simulankhula malilime ndiye kuti Mzimu mulibe, ine anandigwetsapo pansi. Kugwa kwenikweni, osati mwambi ayi.

Ine ndinakulira mu CCAP, kalasi ndinalowa, mgonero ndimadya. Koma nditakhala pabanja zaka osaona mwana, mnzanga ananditengera ku mapemphero a usiku wonse kumpingo wina mumzinda muno. Chakum'bandakucha mneneri wa mpingowo anaitana onse amene "sanalandire" kuti abwere kutsogolo. Tinafola ngati tikudikira feteleza wa makuponi. Anzanga akugwa uku ndi uku, kiyibodi ikulira, ine chiimire, maso otseka, ndikupemphera chamumtima. Atafika pa ine anandigwira pachipumi n'kuyamba kukankha. "Tsegulani pakamwa mayi! Nenani zimene ndikunenazi!" Inde, amandiphunzitsa mawu oti ndizibwereza. Ine pakamwa panga gwa. Anakankhanso ndi mphamvu, amene amawakha anthu kumbuyo anali atathamangira kwa wina, ndinamenyetsa nkhongo pa benchi. Chitenje chinamasuka, magazi akutsikira m'khosi, iye ali pa maikolofoni: "Mwaona? Chiwanda cha kumtundu chikukana kutuluka, n'chifukwa chake alibe mwana." Anthu n'kumawomba m'manja! Mlamu wanga anali pomwepo. Dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika kale kwa apongozi kumudzi, ndipo kuyambira pamenepo mwana aliyense akadwala pamtundu wawo maso amakhala pa ine.

Pomaliza anandiitanira kuseri, ati ndifese mbewu yoposa malipiro anga a pamwezi kuti "khomo litseguke". Za bala osafunsa n'komwe. Bambo ameneyo ndikamuona pa Facebook ndi masuti ake onyezimira mpaka lero m'mimba mumanditentha. Simoni wanyanga uja wa pa Machitidwe 8 anafuna kugula mphatso ya Mzimu ndi ndalama, Petro anamuuza kuti atayike nayo limodzi ndalama yakeyo. Nanga wogulitsayo tidzimuti chiyani?

Amene anandidzutsa ndi amayi ena okalamba a Mvano. Ananditsegulira 1 Akorinto 12 kumapeto kwake, pamene Paulo akufunsa ngati onse ali atumwi, ngati onse achiritsa, ngati onse alankhula malilime. Yankho lake n'lodziwikiratu. Pa mutu 14 akulamula kuti olankhula malilime mumpingo asapose atatu, mosinthana, ndipo womasulira akasowa akhale chete. Yerekezani ndi chiphokoso chimene timachionachi. Kenako Agalatiya 5:22-23, chipatso cha Mzimu: chikondi, chimwemwe, mtendere, kuleza mtima, mpaka kudziletsa. Munthu wonyoza mkazi wosabereka pagulu ali ndi chiti pamenepa? Ndikudziwa kuti abale athu a Assemblies of God amaphunzitsa kuti malilime ndi chizindikiro choyamba cha ubatizo wa Mzimu, koma ngakhale iwowo sanena kuti wosalankhula sanapulumuke. Masiku amene ndinkalephera kupemphera, ndikungolira ku bafa kuti bambo akunyumba asamve, ndinagwira Aroma 8:26, kuti Mzimu amatipempherera ndi kubuula kosaneneka. Pamenepo palibe maikolofoni.

Ndiye tulukani mumpingo umene akukuuzani zimenezowo, musachedwe. Koma musathawe mapemphero a usiku ayi, mwina mphatso yanu ikukudikirani komweko. Ine ndemwe ndimakwerabe phiri la Bunda kukasala kudya, ndipo malilimewo ndimawapemphabe, poti Paulo yemweyo anati tisawaletse. Mtumiki wa Mulungu akakuitanani kutsogolo pitani, kukana si bwino, mungaphonye dalitso. Kungoti muimirire patali ndi benchi, chitenje mumange ndi mfundo ziwiri, ndipo alamu anu musapite nawo.