Funsani za Makompyuta: Kodi ndi netiweki, kapena vuto lili mkati momwemo?

Makalata atatu amene ndasankha mwezi uno onse achokera muno mu Zomba, ndipo onse akudandaula za kuchedwa kapena kutha msanga kwa zinthu. Ndawafupikitsa pang'ono.

*Ankolo, ndine mphunzitsi, ndimakhala ku Chinamwali. Ndinagula rauta yoikamo simukhadi kuti ana aziwerengera, inenso ndizitumizira malikisi. Ndikaima pakhonde foni yanga imagwira bwino, koma rauta m'nyumba imangoyaka kagetsi kofiira, ndipo usiku ndiye sitsegula kanthu. Kodi anandigulitsa yabodza? Anzanga akuti ndingogula Starlink, intaneti ya pa satelayiti ija. Mayi wa ku Chinamwali.*

Mayi, rautayo musaitaye. Simunandiuze pamene munaiika, koma m'nyumba zambiri zimene ndalowamo ndimaipeza pabalaza, kuseli kwa TV, pansi penipeni, ena mpaka kuifunditsa kansalu kuti isade ndi fumbi. Pamenepo ndiye pogona nkhani.

Rauta ili ndi ntchito ziwiri. Imamvetsera nsanja ya netiweki imene ili panja kutali, kenako imagawa WiFi m'nyumba. Ntchito yoyambayo ndi imene ikukanika kwanu. Mafunde a netiweki amafooka akadutsa khoma la njerwa, ndipo malata amawatchinga kwambiri. Onjezerani mmene Zomba alili: phiri kumbuyo, zitunda, makhwawa. Nsanja imene mnzanu wa nyumba yachitatu akuiona bwinobwino, inu ikhoza kukhala itabisika kuseli kwa chitunda.

Chitani chonchi. Ikani simukhadi ya m'rautayo m'foni ya Android, lowani mu Settings, pitani pa About phone, mupeze SIM status. Muona nambala yosonyeza mphamvu ya netiweki, yokhala ndi minasi kutsogolo ndi zilembo dBm kumapeto. Pa 4G, nambala ya pakati pa -80 ndi -90 ndi yabwino, -100 ndi yongopirira, ikadutsa -110 ndiye kuti netiweki yatsala pang'ono kuduka. Timizere tija ta pakona pa foni musatikhulupirire kwambiri, foni iliyonse imatiwerengera mwakemwake. Yendani windo ndi windo, paliponse muziima kwa mphindi imodzi, muzilemba nambalayo papepala. Windo limene lapambana, rauta ikakhale pamenepo, pamwamba, ngakhale likhale la kuchipinda kwa ana. Chaka chatha ndinathandiza banja lina ku Sadzi lomwe linali litatsala pang'ono kubweza rauta. Tinangoichotsa pakabati n'kuiika pashelefu pafupi ndi windo loyang'ana kutauni, nambala inachoka pa -112 kufika pa -96, ana n'kuyamba kutsitsa mapepala a mayeso madzulo omwewo. Ngati mawindo onse akanika, yang'anani kumbuyo kwa rauta ngati kuli timabowo tolumikizira eriyo ya panja. Eriyo yoikidwa pamtengo wautali pamwamba pa denga imasintha zinthu kwambiri.

Yesaninso ma simukhadi onse awiri, ya TNM ndi ya Airtel. Palibe imene ndingakuuzeni kuti ndiyo yopambana mu Zomba monse, chifukwa zimatengera nsanja imene windo lanu likuyang'anizana nayo. Dziwani kuti marauta ena ogulidwa ku kampani ya netiweki amalandira simukhadi ya kampani yomweyo basi, ndiye yeserani m'foni kaye.

Za usiku ndi nkhani ina. Nsanja imodzi timagawana anthu ambiri, monga mpopi wa pa kiosiki. Kuyambira cha m'ma 7 koloko mpaka 10 aliyense ali pa foni, ndipo liwiro limatsika ngakhale nambala ya dBm isasinthe. Tsegulani fast.com m'mamawa cha m'ma 5, mudzatsegulenso 8 koloko usiku. Kusiyana kukakhala kwakukulu, rauta ilibe mlandu, ndipo malikisi muzitumiza m'mawa. Kuyesaku kumadya bandulo, kawiri kokha n'kokwanira.

Starlink inayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 2023 ndipo imathandizadi kumalo kumene nsanja sizifika. Koma imafuna kugula zida, kulipira mwezi ndi mwezi, magetsi osaduka, komanso thambo loonekera popanda mitengo yotchinga. Kwa nyumba imodzi ya ku Chinamwali, ine ndingayambe ndi windo. Ndalama yochepa mugulire kabatire kosungira moto ka rauta, poti marauta ambiri amayendera 12V, kuti magetsi akazima ana asasiyire panjira. Pasiwedi imene inabwera nayo musinthe lero.

*Achimwene, ndine wophunzira, ndimachita lendi ku Chikanda. Bandulo ya 1GB ikumatha tsiku limodzi chonsecho sindionera mafilimu. Ndimangolumikiza laputopu pa hotspot n'kumalemba asainimenti.*

Mng'ono wanga, wakudyerayo ndi laputopu. Ikalumikizidwa pa hotspot imayesa kuti yapeza WiFi yopanda malire, ndiye Windows imayamba kudzitsitsira ma update mwakachetechete. Lowa pa dzina la hotspot yakoyo mu Settings za WiFi, uyatse Metered connection. M'foni, uza Play Store kuti isamadzipangire update yokha, uletse WhatsApp kutsitsa yokha mavidiyo a m'magulu, uonenso ngati Google Photos sikutumiza zithunzi pogwiritsa ntchito bandulo. Ukatsegula Data usage uona ndi maso ako pulogalamu imene yadya kwambiri.

*Bambo, ndimayang'anira deta pa bungwe lina logula mbewu kwa alimi. Tili ndi malo ogulira ku Thondwe, Jali ndi Songani. Zonse zimene tagula chiyambire 2018 zili mu pulogalamu yosungira deta ya PostgreSQL, pa seva ya mu ofesi mwathu. Lipoti la pamwezi kale linkatuluka m'mphindi ziwiri, pano likutenga mphindi 40. Abwana akuti tikoke faiba, intaneti yothamanga ya pa waya ija. Ndiwauze chiyani? Mnyamata wa ku Matawale.*

Achimwene, kalata yanu ndi imene yandikhudza kwambiri, chifukwa ndaonapo mabungwe akulipira intaneti yodula chaka chathunthu lipoti likuchedwabe chimodzimodzi. Seva ili mu ofesi mwanu. Mukapempha lipoti, pempholo limayenda pa waya kuchoka pa desiki yanu kufika pa seva, silituluka n'komwe pageti. Faiba ifulumizitsa chiyani pamenepa?

Abwana musatsutsane nawo pakamwa. Khalani pa seva penipeniyo, mutulutse lipotilo iwo akuona, wotchi ili pamanja. Likatenga mphindi 40 zomwezo, aona okha.

Chimene muli nacho ndi nkhokwe ya deta, ndipo yadwala matenda a nkhokwe yeniyeni. Taganizani matumba a zaka zonsezi ataunjikidwa mulu umodzi, a nandolo, a soya, a chimanga, opanda cholembapo. Wina akafuna nandolo wa Ogasiti wa ku Jali, mugwetsa mulu wonse. Pamene matumba anali ochepa sizinkaoneka. Lembani EXPLAIN ANALYZE kutsogolo kwa query ya lipotilo, lamulo limene limapempha deta ku seva, kuti muone mmene seva ikufufuzira. Mukaona mawu akuti Seq Scan pa tebulo lalikulu la zogula, ndiye kuti seva ikuwerenga mzere uliwonse kuyambira 2018 pofuna mwezi umodzi wokha.

Choyamba, ikani index pa deti ndi pa malo ogulira, zomwe lipoti limasefera. Index imagwira ntchito ngati mndandanda wa kumapeto kwa buku la nyimbo: simutsegula tsamba ndi tsamba, mumangoona nambala n'kupita pomwepo. Musaike pa kolamu iliyonse, chifukwa index iliyonse imachedwetsako kulowetsa zatsopano. Onaninso mmene deti lalembedwera mu query. Mukalikulunga mu function, monga yotulutsa mwezi, index wamba sigwiritsidwa ntchito. Lembani kuti kuyambira pa 1 Ogasiti mpaka pasanafike pa 1 Seputembala. Kakusintha kameneka kokha ndinakaonapo kakutsitsa lipoti kuchoka pa theka la ola kufika pa masekondi.

Tebulo likapitirira kukula, ligaweni chaka ndi chaka kapena mwezi ndi mwezi. PostgreSQL imatha kutero yokha kuyambira pa version 10, ndipo seva imangotsegula chigawo chofunikacho.

Koma chimene ndimachikonda kuposa zonse n'chakuti zogula za 2019 sizidzasinthanso. Bwanji kumaziwonkhetsa mwezi uliwonse? Pangani tebulo laling'ono lachidule, mzere umodzi pa tsiku, pa malo, pa mtundu wa mbewu, wokhala ndi makilogalamu ndi ndalama. Lizidzazidwa usiku anthu ataweruka, lipoti liziwerenga mmenemo. Zikatero olowetsa malisiti masana sazilimbirananso seva ndi inu. Ndipo siyani kukokera chilichonse mu Excel ndi SELECT *, lamulo lotenga makolamu onse, chifukwa tsamba limodzi la Excel limathera pa mizere 1,048,576, ndipo laputopu imakhala itatopa kale musanafike pamenepo.

Ngati pali ndalama yoti igwiritsidwe ntchito, funsani ngati seva ikadali pa hadidisiki yozungulira. Kuisintha ndi SSD, disiki yothamanga yosazungulira, kuwonjezera memori ya RAM, ndi kugula UPS kuti magetsi akazima deta isawonongeke, zidzaoneka phindu lake sabata yomweyo.

Intaneti ili ndi malo ake, ndipo ndi ku Thondwe, Jali ndi Songani, kumene makalaliki amatumiza zogula za tsiku kudzera pa foni. Kumeneko onetsetsani kuti akutumiza mizere yatsopano yokha osati fayilo yonse, ndipo awerenge yankho limene ndapatsa mayi a ku Chinamwali pa nkhani ya windo. Musanakhudze tebulo lililonse, tengani backup ndi pg_dump, pulogalamu yokopera deta ya PostgreSQL, muiike pa disiki ina, muyese kuibwezeretsa pa kompyuta ina kuti mutsimikize kuti ikutseguka. Mukathana nazo mundilembere, ndikufuna ndidziwe kuti mphindi 40 zija zatsala zingati.