Thiransifoma ya ampu yanga yapsa, ndiyikepo ya 9V?

FUNSO: Ndili ndi ampu yakale ya valve (chubu chagalasi chokweza mawu) imodzi ya EL84 ndiye thiransifoma yopita ku sipika ija yapsa. Sipika yanga ndi ya ma ohm 8, kodi sindingangolumikiza direkiti? Kapena ndiyikepo thiransifoma wamba ya 230V kupita 9V imene ndili nayoyi? Wophunzira zamagetsi.

YANKHO: Direkiti ayi ndithu achimwene, musayese. Pa valve pamakhala DC ya ma volt ngati 250, sipika itha kuonongeka komanso inuyo mutha kuvulala. Ndipo EL84 imafuna kulumikizidwa ku chinthu cha ma ohm pafupifupi 5,000 kuti itulutse mphamvu zake bwinobwino, pamene sipika yanu ili ndi 8 basi.

Ntchito ya thiransifomayo ndi imeneyo, siyisintha sipika koma imapangitsa kuti valve iziona ngati sipikayo ili ndi ma ohm ambiri. Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka: ngati waya wa mbali ya valve wakulungidwa ka 25 pa kukulunga kumodzi kwa mbali ya sipika, voteji imatsika ka 25 pomwe karenti imakwera ka 25, ndiye impedance (ma ohm amene valve ikuona) imasintha ka 25 kuchulukitsa 25, yomwe ndi 625. Tengani 625 muchulukitse ndi 8, mupeza 5,000 ndendende. Mukayikapo sipika ya ma ohm 4 valve iziona 2,500 yokha, mawu ayamba kusasa.

Tsono ya 9V yanuyo, mwaganiza mwanzeru zedi chifukwa 230 kugawa ndi 9 ikupereka 25 ndi kanthu, samu ikugwirizana. Vuto lili pa chitsulo chamkati. Mu ampu ya valve imodzi DC imadutsa mu waya wa primary (wa mbali ya valve uja) nthawi zonse, nchifukwa chake thiransifoma yeniyeni ya mawu amaisiyira kampata kakang'ono pakati pa zitsulo kuti maginito asadzadze. Yamagetsi wambayi ilibe kampatako, anaipangira magetsi a m'nyumba a 50 Hz basi, ndiye ilira inde koma besi ikhala yophwanyika ndipo mawu akuthwa azimveka ngati mwafunditsa sipika bulangete. Poyesera ngati mbali zina za ampu zili moyo itha kuthandiza kwa mphindi zochepa, koma yokhalitsa funani yolembedwa 5k (ma ohm 5,000) kupita ku ma ohm 8.

Chinanso, ampu ya valve musamaiyatse sipika isanalumikizidwe, voteji imalumpha mpaka kuboola insulation ya mawaya, mwina yanuyo inapsa choncho. Ndipo musanagwire mkatimo tsitsani kaye magetsi a ma capacitor, amasunga ngakhale mwazimitsa.