Ka vape kakatha moto ndimabwerera ku ndudu, nditani?

FUNSO

Bambo, ndine wakabaza wa njinga yamoto, ndili ndi zaka 34 ndipo ndimakhala ku Chibavi. Fodya ndinamuyamba ndili Fomu 2, ndipo mpaka mwezi wathawu ndinkatha ndudu 15 patsiku. Mayi a kunyumba akhala akudandaula chifukwa mwana wathu wachiwiri ali ndi mphumu, ndipo nyengo yozizira ino amabanika usiku. Msuweni wanga pochokera ku Johannesburg anandigulira ka vape, kandudu kamagetsi kotalika ngati chala chapakati. Batire lake ndi lam'kati, silichotsedwa, timatchaja ndi chingwe ngati cha foni. Pakatoni analemba 900 mAh, pabotolo la madzi ake analemba 5%.

Masiku atatu oyamba sindinagwire ndudu, ndinasangalala kwambiri. Koma m'mawa ndikakoka ndimamva chizungulire ndi nseru, ndipo sabata yachiwiri kanayamba kumveka ngati nsanza yopserera kukhosi. Chondipweteka kwambiri n'chakuti kamatha moto cha m'ma 3 koloko masana ndili pasiteji ku Katoto, ndipo magetsi akazima usiku kamagona kosatchaja. Zikatero ndimagula ndudu ziwiri kapena zitatu pa okala. Panopa ndikusuta zonse ziwiri. Anzanga pasiteji ena akuti ndi nthunzi ya madzi chabe, ena akuti n'koopsa kuposa fodya. Kodi ndapita patsogolo kapena ndangodziwonjezera goli?

Wakabaza, Chibavi

YANKHO

Achimwene, ndiyambe ndi funso lanu lomalizalo chifukwa ndi limene lasenza onsewo. Mmene zilili panopa, phindu lanu ndi lochepa kuposa mmene mukuganizira. Kuchoka pa ndudu 15 kufika pa zitatu kumaoneka ngati ntchito yatsala pang'ono, koma mtima suwerengera choncho. Mu 2018 akatswiri a ku Britain anasonkhanitsa zotsatira za akafukufuku 141, ndipo anapeza kuti mwamuna wosuta ndudu imodzi yokha patsiku amasenza pafupifupi theka la chiopsezo cha matenda a mtima chimene fodya amawonjezera kwa wosuta ndudu 20. Ndudu zitatu za masanazo si zotsalira ayi, ndiye vuto lenilenilo. Kachipangizo kanuko kamathandiza pokhapokha kakalowa m'malo mwa ndudu zonse.

Ndikunena izi chifukwa ndinadutsamo. Ndinasuta zaka 19, kuyambira chingambwe chakumudzi mpaka ndudu za m'paketi, ndipo kachipangizo ngati kanuko ndinakhala nako miyezi 8 ndisanasiyiretu zonse. Masabata oyamba ndinkachita zomwe mukuchita inuzi. Tsiku lina mu July, kukuwaza kamvula kozizira ka kuno kaja, ndinali padepoti kudikira minibasi ya ku Nkhata Bay. Ndinakoka, kanyali kake kanangophethira kofiira, osatuluka kanthu. Mphindi zisanu zisanathe ndinali nditagula kale ndudu kwa mnyamata wogulitsa maswiti ndi machesi. Sindinaganize n'komwe, miyendo inangondifikitsa yokha. Tsiku limenelo ndi limene ndinazindikira kuti chibaba chimadziwa ola limene batire limathera.

Ndiye nkhani ya batireyi musaichepetse. Nambala ya 900 mAh ikunena kukula kwa nkhokwe ya moto. Mafoni ambiri a masiku ano amakhala ndi 4,000 kapena 5,000, choncho mukuona nokha kuti kankhokwe kanu n'kakang'ono. Kwa munthu amene ankatha ndudu 15, komanso amene amadzuka m'mamawa kukasaka makasitomala, kufika nako madzulo n'kwa mwayi. Kuzizira kwa Mzuzu nako kumafooketsa batire, makamaka kakakhala m'thumba lakunja la jekete mphepo ikukuombani panjinga. Kaikeni m'thumba lam'kati, pafupi ndi thupi. Musadikire kuti kathe ndiye muyambe kusaka potchajira. Tizipangizo totere timadzaza pa ola limodzi kapena kuchepera, ndiye nthawi imene mukudya nsima masana kazikhala pamoto, kaya pa pawabanki kaya kwa anyamata otchajitsa mafoni. Ndalama imene mukuwononga pa ndudu za masana muisonkhanitse mugule pawabanki. Ya 10,000 mAh imadzaza kachipangizo kotero kangapo isanathe, ndipo usiku wa mdima sudzakhalanso chifukwa. Ine ndinkayendanso ndi chingamu cha nikotini m'thumba kuchitira tsiku loipa. Funsani ku mafamase a m'tauni ngati ali nacho.

Batire lam'kati lili ndi ubwino wake. Ngozi zambiri zimene zinkamveka ndi tizipangizo takale zinkachokera ku mabatire ochotsa, munthu akaika batire lopanda chikuto m'thumba limodzi ndi makiyi ndi ndalama zachitsulo. Inu zimenezo sizikukhudzani. Komabe ndi batire la lithium, ndipo likakwiya limayaka moto wosazimitsika msanga. Musamatchajire pamatiresi kapena pansi pa pilo. Musamakasiye pamoto n'kukagona poyembekezera kuti magetsi ayaka pakati pa usiku. Musamakasiye padzuwa pamwamba pa thanki ya njinga. Mukaona kuti katupa, kakutentha m'manja musanakoke, kapena kagwera m'madzi, kasiyeni. Likatchajidwa maulendo mazana angapo batirelo limayamba kutha msanga, ndipo poti silichotsedwa, kachipangizo konse kamakhala katha ntchito. Musakatsegulitse kuti akuikireni lina. Ndipo chonde musakaponye kudzala kumene ana amayatsako zinyalala, chifukwa kamaphulika.

Za chizungulire ndi nseru, wolakwa ndi 5% uja. Zikutanthauza kuti pa mililita iliyonse ya madziwo muli 50 mg ya nikotini, chija akuluakulu amati chikonga. Ku Britain ndi m'mayiko a European Union malamulo salola kupitirira 20 mg pa mililita, ndiye inu mukukoka mphamvu yoposa kawiri malire amenewo, m'mimba mulibe kanthu. Ngati munathyolako fodya wonyowa ndi mame ku Rumphi kapena ku Mzimba, mukudziwa mmene anthu amadwalira m'munda: mutu, nseru, thukuta, kusanza. Chimawadwalitsa ndi chikonga chomwechi, cholowera pakhungu. Thupi lanu likukuuzani kuti mwachulutsa. Sakani madzi a 2%, amene ndi 20 mg. Komanso kakokedwe kake n'kosiyana ndi ka ndudu. Kokani pang'onopang'ono, osati mwamphamvu, maulendo ochepa, kenako bwezerani m'thumba. Ndudu imatha yokha n'kukuwotchani chala, pamene ka vape sikakuuzani kuti basi, moti munthu amatha kumangoyamwa tsiku lonse. Mukasiya zimenezo mudzaonanso kuti batire likukhalitsa.

Kupserera kukhosi kuja ndi koyilo. M'kathanki kamene mumathiramo madzi muli kawaya kozengedwa ndi thonje. Mukakoka, batire limatenthetsa kawayako, madzi amene anyowetsa thonje amasanduka nthunzi. Thonje likauma, chimapsa ndi thonjelo. Ine ndinawononga koyilo yanga yoyamba tsiku lomwelo chifukwa ndinathira madzi n'kukoka nthawi yomweyo. Nditaisuzumira pakabowo, thonje limene linali loyera linali lada ngati pansi pa mphika. Koyilo yatsopano mukathira madzi muziidikira mphindi 5 mpaka 10 kuti thonje limwe. Madzi asamatsike mpaka pansi, ndipo m'mawa wozizira amalimba ngati uchi n'kumachedwa kulowa m'thonje, ndiye kafumbateni kaye m'manja. Koyilo yopserera sichira, ndipo utsi wake uli ndi mankhwala oipa monga formaldehyde. Isintheni. Nthawi zambiri imakhala sabata imodzi kapena ziwiri. Apa pali funso limene msuweni wanu mwina sanaliganizire: kodi makoyilo a mtundu umenewo akupezeka muno mu Mzuzu? Fufuzani lero, yanuyo isanathe, chifukwa tsiku limene mudzasowe koyilo lidzafanana ndi tsiku lija la ine padepoti.

Anzanu apasiteji mbali zonse ziwiri aphonya. Si nthunzi ya madzi. Muli glycerine, propylene glycol, zonunkhiritsa ndi nikotini, ndipo mapapo sanalengedwe kuti azilandira zimenezo. Tizipangizoti ndi ta dzulodzulo. Amene anapanga ndudu yamagetsi ya masiku ano ndi Hon Lik wa ku China, katswiri wa zamankhwala amene ankasuta kwambiri, mu 2003, choncho anthu oti akoka zaka 40 kuti tione mapapo awo kulibe. Bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, limachenjeza kwambiri za izi. Koma kunena kuti n'koopsa kuposa ndudu nakonso si zoona. Chimapha kwambiri mu ndudu ndi kuyaka. Fodya akamapsa amatulutsa mankhwala oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iwo amayambitsa khansa, kuphatikizapo phula lija limadetsa mano ndi mpweya wa carbon monoxide umene umalanda malo a mpweya wabwino m'magazi. Vape siyatsa fodya. Amene amati n'koopsa mwina anamva za ku America mu 2019 ndi kumayambiriro kwa 2020, pamene anthu oposa 2,800 anagonekedwa m'zipatala ndipo 68 anamwalira. Zija zinachokera makamaka ku mafuta a chamba ogulitsidwa mozemba, osakanizidwa ndi vitamin E acetate. Phunziro lake kwa inu ndi lakuti musathiremo chilichonse chosadziwika, kaya mafuta, kaya madzi ogulitsidwa m'kabotolo kopanda chizindikiro.

Pa kafukufuku wa ku England amene zotsatira zake zinatuluka mu 2019, anayesa anthu 886 ofuna kusiya fodya. Patatha chaka, 18 pa 100 alionse amene anapatsidwa vape anali atasiyiratu ndudu, pamene mwa amene anapatsidwa chingamu ndi zomata pakhungu anali pafupifupi 10 pa 100. Zimalimbitsa mtima, koma onani mbali inayo: mwa amene anasiya ndudu ndi vape, 80 pa 100 anali akukokabe vapeyo chaka chitatha. Komanso onsewo ankalandira uphungu kwa masabata angapo, sanangopatsidwa kachipangizo n'kuuzidwa kuti pitani. Ndiye sankhani tsiku sabata ino limene ndudu ithere, muwauze mayi a kunyumba ndi mnzanu mmodzi wapasiteji amene sasuta. Mukakhazikika miyezi iwiri kapena itatu, tsikani kuchoka pa 20 mg kupita pa 10, kenako kutsikabe. Ine sitepe yomaliza ndi imene inandivuta kuposa zonse, ndipo chinandithandiza n'kukasiya kunyumba dala ndikamapita kutchalitchi, kenako kumsika, kenako kuntchito. Mukaona kuti nokha zikukanika, a St John of God muno mu Mzuzu amathandiza anthu olimbana ndi zizolowezi zotere. Poti mwasuta zaka pafupifupi 20, kayezetseninso BP, ndipo ngati muli ndi chifuwa chopitirira masabata awiri akakuyezeni TB.

Mwana wa mphumuyo ndiye wandikhudza kwambiri m'kalata yanu. M'nyumba musakokeremo chilichonse, ndudu kapena vape, ngakhale iye atagona, ngakhale kunja kukuzizira bwanji. Botolo la madzi lija likhale pokhoma. Limanunkhira ngati maswiti, ndipo mwana wamng'ono atamwa pang'ono pokha za 5% akhoza kufa. Zitachitika, thamangirani naye kuchipatala botololo lili m'manja, musayambe mwamusanzitsa.

FUNSO

Bambo, pochapa chikwama cha mwana wanga wamwamuna wa Fomu 3 ndinapezamo kanthu kobiriwira konunkhira mango. Akuti n'ka mnzake ndipo mulibe fodya. Bambo ake sindinawauze chifukwa amupweteka. Ndimukhulupirire?

Mayi wodandaula, Luwinga

YANKHO

Mayi, kameneko kakuoneka kuti ndi ka vape. Masamba a fodya mulibedi, koma nikotini nthawi zambiri amakhalamo, ndipo ndi amene amamanga munthu. Katembenuzeni muone ngati palembedwa 2%, 5%, 20 mg kapena 50 mg. Zonse zimene ndawauza achimwene a ku Chibavi sizikumukhudza mwana wanu. Iwo akuthawa utsi wa zaka 20, iye alibe chimene akuthawa, akungoyamba kumene chizolowezi. Ubongo umakula mpaka zaka za m'ma 25, ndipo wa mwana umagwidwa ndi nikotini msanga kuposa wa munthu wamkulu. Tima vape totayidwa tikatha tamitundumitundu timeneti anatiletsa kugulitsa ku Britain kuyambira pa 1 June 2025, ndipo chifukwa chimodzi chinali ana asukulu. Dziko lathu linalowa m'pangano la WHO lolimbana ndi kusuta fodya mu 2023, komabe musadalire kuti wogulitsa amufunsa zaka mwana wanu.

Bambo ake auzeni, koma muyambe mwagwirizana awiri kuti chikwapu chisalowepo, chifukwa mwana womenyedwa amangophunzira kubisa bwino. Mukhale naye pansi madzulo mumufunse modekha kuti anayamba liti, amakoka kangati patsiku, ndalama amazitenga kuti, komanso ngati amakafuna akangodzuka. Akati inde pa lomalizali, ndiye kuti wagwidwa kale, ndipo masabata awiri kapena atatu oyamba atasiya adzakhala wokwiyakwiya, wosagona bwino, mwinanso kusukulu zidzatsika pang'ono. Muwadziwitse aphunzitsi amene amamukonda kuti azimuyang'anira masiku amenewo. Kanthuko musakaponye pambaula kapena m'moto, muli batire.