Muziyamba mwaonera nokha musanampatse mwana

Amayi, mwafunsa ngati mwana wanu wa zaka 9 angamaonere anime, omwe ndi makatuni a ku Japan. Musamuletse, koma gawo loyamba la nkhani iliyonse muziyamba mwaonera inuyo. Kukhala zojambula sikutanthauza kuti ndi za ana. Ku Japan manga, makomiki omwe anime ambiri amachokerako, amawagawa potengera owerenga: shonen ndi za anyamata, shojo za atsikana, seinen za akuluakulu. Komabe dzina la gulu lisakupusitseni. Attack on Titan ili m'gulu la shonen, chonsecho muli zimphona zodya anthu, magazi ali chuchuchu.

Ineyo ndinaphunzirira pa mwana wa mchemwali wanga. Ndinangoona tinkhope ta maso akuluakulu n'kumusiyira foni. Usiku umenewo anakana kuti tizimitse getsi, anagona atandigwira dzanja mpaka kucha, ndipo zinandiwawa mumtima. Makomiki a makampani a ku America a Marvel ndi DC nawonso muziyang'ana chizindikiro cha msinkhu pachikuto, poti nkhani zina za Batman ndi zoopsa kwa mwana.

Mu December 1997 gawo lina la anime ya pa TV yotchedwa Pokémon, lomwe linali ndi kuwala kothwanimathwanima, linadwalitsa ana mazanamazana ku Japan, ena mpaka kugwa ngati akhunyu. Ngati wanuyo ali ndi khunyu, kapena maloto oopsa akupitirira kwa milungu ingapo, kaonaneni ndi dokotala.