Ndisinthe chiyani pa malo anga odyera?

Funso: Ndili ndi malo odyera pa Chitakale kuno ku Mulanje, ndipo ena atsegulanso awo pafupi nane. Tonse timaphika nsima, nkhuku ndi tiyi. Kodi munthu wogulitsa zimene aliyense amazidziwa angabweretse chatsopano chotani? Mayi wa pa Chitakale.

Yankho: Mayi, munthu akalowa pakhomo panu amalipira chakudya, koma amayang'ananso nthawi imene wadikira, ukhondo wa mbale ndi mmene walandiridwira. N'chimodzimodzi kwa telala, wometa ndi wakabaza, chifukwa mabizinesi otumikira anthu amagulitsa ntchito imene wogula amaiona ikuchitika.

Mukhoza kusintha chimene mumagulitsa. Alendo amene amayambira ku Likhubula kukwera phiri, ena mpaka pa Sapitwa pa mamita 3,002, amafuna kamba wosachedwa kusasa, ndipo nanazi zimalimidwa kwanu komweko. Mukagwirizana ndi operekeza alendo ndi onyamula katundu kuti azikutumizirani uthenga dzulo lake, mwasinthanso njira imene makasitomala amakupezerani.

Koma ine ndikanayambira pa kagwiridwe ka ntchito, popeza sikafuna mpamba waukulu. Ogwira ntchito m'maofesi a pa boma amakhala ndi nthawi yochepa ya nkhomaliro, choncho akamaitanitsa pa WhatsApp m'mawa, inu mumadziwiratu nkhuku zoti muphe, chakudya sichitsala mumphika, ndipo wakabaza mmodzi wodalirika amakafikitsa mbale zonse zikadali zotentha. Kalipiridwe nakonso ndi mbali ya ntchitoyi. M-Pesa, njira yotumizira ndalama pa foni, itayamba ku Kenya mu 2007, ndalama zinali zomwe zija, chimene chinasintha ndi mmene zimayendera, ndipo lero Airtel Money ndi TNM Mpamba zingakuchotsereni vuto losowa chenji. Ngati ogwira ntchito m'minda ya tiyi akupempha kudya pa ngongole mpaka tsiku la malipiro, khalani ndi kabuku ndiponso malire a munthu aliyense, chifukwa ngongole yopanda malire imadya mpamba.

Kupenta khoma ndi kugula wailesi yakanema n'kwabwino, koma anzanuwo angachite zomwezo sabata yamawa. Chovuta kutengera ndi antchito ozolowera kupereka madzi osamba m'manja mlendo asanapemphe, okumbukira amene sadya tsabola. Alipireni pa tsiku lake kuti asachoke, ndipo muziyesa chinthu chimodzi kwa mwezi wathunthu, mukulemba zimene mwagulitsa, musanawonjezere china.