Zitsononkho, chidulo cha agogo ndi funso la kusunga magetsi

Wophunzira wina wandilembera pa imelo kufunsa ngati makala a zitsononkho angagwire ntchito mu supercapacitor, kachipangizo kosunga magetsi. Achimwene, funso lanu landikhudza, chifukwa inenso ndinayambira pa zitsononkho zomwezo, ndipo ndinalephera mochititsa manyazi.

Ndili pasukulu, ndinadzaza zitsononkho m'chitini n'kuchisiya pamoto usiku wonse, koma kutacha ndinapeza theka lasanduka phulusa chifukwa chivindikiro chinkalowetsa mpweya. Zotsalazo ndinazipera mosamala, komabe magetsi amene zinasunga anali osanunkha kanthu. Ndinadzazindikira mochedwa kuti supercapacitor imasunga magetsi pamakoma a timabowo ta kaboni, chinthu chimene chimapanga makala, ndipo m'makala wamba timabowo tambiri timakhala totsekeka ndi phula, pamene galamu imodzi ya kaboni wokonzedwa bwino imakhala ndi makoma oposa masikweya mita 1,000.

Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti njira yake inali m'khitchini mwa agogo anga. Iwo ankasefa madzi paphulusa la zitsononkho kuti apeze chidulo chothira m'thelere, ndipo m'chidulomo muli potassium carbonate, mankhwala amene akatswiri amatsegulira timabowo ta kaboni pamodzi ndi mnzake wamphamvu, potassium hydroxide. Ine ndinkawaona ngati achikale, ndili ndi mabuku anga m'manja.

Pano ndiuma mtima pang'ono: amene amalalikira kuti chinyalala chilichonse cha kumunda chingasanduke batire akusocheretsa achinyamata. Kampani ya Kuraray ya ku Japan imapanga kaboni wa supercapacitor kuchokera ku zikamba za kokonati chifukwa n'zolimba ndiponso zili ndi phulusa lochepa. Mankhusu a mpunga amene amaunjikana ku Karonga ndi nkhani ina, pakuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi silika, chinthu chopezekanso mumchenga chimene chimatsalira ngati phulusa, amene sadutsitsa magetsi ndipo ayenera kuchotsedwa. Mdani weniweni ndi phulusa lotsalira m'kaboni, osati kusowa kwa zinyalala.

Tsono muchite chiyani?

Tenthani zitsononkho zouma pa madigiri 500 a Celsius m'ng'anjo yodutsa mpweya wa nayitirojeni, sakanizani makalawo ndi potassium hydroxide, muwatenthenso pa madigiri 800, kenaka muwatsuke ndi hydrochloric acid ndi madzi oyera kangapo. Zimenezi muchitire mu labotale mutavala magolovesi ndi magalasi, chifukwa mankhwalawa amaotcha khungu. Mbaula isiyireni nsima.