Funsani a Kochi: Poni yoponya ingasanduke kwini pompo?

Funso: A Kochi, pa kalabu yathu ya chess kusukulu timakonda ija yoti ukamudyera mnzako chidutswa chimakhala chako ndipo utha kuchibwezanso pa bolodi. Ndiye Lachisanu mnzanga anangotenga poni nkukaikhazika pa mzere womaliza nkumati yasanduka kwini, tinakangana mpaka geimu inathera pomwepo. Nzololedwa zimenezi? Wa Fomu 3, Zomba.

Yankho: Mphwanga, mnzakoyo anakuberatu masana dzuwa likuswa mtengo. Geimu mukusewerayo dzina lake ndi crazyhouse, ilipo pa masamba a chess a pa intaneti a Lichess komanso Chess.com, ndipo lamulo lake nlachidziwikire, poni siponyedwa (kubwezedwa pa bolodi) pa mizere yakumapeto, wa 1 kapena wa 8. Pa mzere wa 7 angaike, koma adikire ulendo wina kuti ayende nayo ngati iwe sunaidye kale.

Kuponya chidutswa kumawerengedwa ngati kuyenda, ukaponya basi wasewera, sungaponye hatchi kenako nkusunthanso bishopu ayi, ndipo malo ukuponyapowo akhale opanda kanthu. Kupha mfumu ndi choponya nzololedwa, ngakhale ndi poni imene. Polemba amaika @, monga N@f7, kutanthauza kuti hatchi (N) yatsikira pa malo otchedwa f7.

Koma lamulo limene limayambanitsa anthu kwambiri nali. Poni yako ikafika kumapeto nkukhala kwini, mnzako akaidya imalowa m'thumba mwake ngati poni, osati kwini. Ine ndimalikonda lamuloli chifukwa popanda ilo bolodi ikanadzaza makwini geimu nkusanduka chisokonezo basi. Pa foni kompyuta imakumbukira yokha, koma pa bolodi yeniyeni anthu amaiwala, ena dala, ndiye mangani kalabala pakhosi pa kwini yoteroyo aliyense aziiona. Mufunikanso seti yachiwiri pambali poti hatchi yakuda ukaidya iyenera kubwera yoyera.

Ku Japan pa chess yawo yotchedwa shogi, ya bolodi ya 9x9, kuponya ndi mtima wa geimu ndipo iwo anakhwimitsa zinthu, sungaponye poni mu mzere wotsika momwe muli kale poni yako ina yosakwezedwa, amati nifu, komanso kupha mfumu ndi poni yoponya nkoletsedwa. Palinso mtundu wina wa chess wa Yasser Seirawan ndi Bruce Harper wa 2007 momwe zidutswa ziwiri zatsopano, hawk ndi elephant, zimadikira kunja nkulowa pa malo amene chidutswa cha mzere wakumbuyo chachokapo koyamba.

Ndiye pa kalabu panupo tengani pepala mulembe malamulo anayi okha, kuponya ndi kuyenda, poni osati pa 1 ndi 8, kwini wokwezedwa amabwerera ngati poni, kupha ndi choponya nkololedwa. Mumate pakhoma, ndipo geimu ya Lachisanu ija muibwereze kuyambira pamene poniyo inali m'manja mwake.